Jenereta ikulira tsiku lonse, batire osadzaza

Pofika 7 koloko m'mawa, maboti a chilimira pa magombe monga Senga Bay, Msaka, Chembe ndi Nkhata Bay amakhala atakocheza kale. Amayi ogula usipa ali m'madzi mpaka m'mawondo ndi mabeseni awo, alovi akuwerengetsana ndalama, ndipo anyamata awiri akutsitsa katundu amene palibe akumuyang'ana: batire. Lachezera kuwalitsa mababu pa bwato la siginala, ndipo dzuwa likamapendeka lifunikanso. Pakati pa maola amenewa liyenera kutchajidwa, ndipo m'malo ambiri ntchitoyi imagwera kajenereta kamene kamayamba kulira kuseri kwa mathandala mpaka madzulo.

Usodzi wa kauni ndi usodzi wa kuwala. Usipa umatsata nyali, siginala amaukoka pang'onopang'ono mpaka pamene khoka latchera, alovi n'kukoka. Kale kuwala kumeneku kunkachokera ku nyali za tilley, zopopa, zoyendera palafini, zimene galasi lake linkasweka ndi kadontho kamodzi ka madzi ozizira. Masiku ano ambiri anasamukira ku mababu a LED oyendera batire. Palafini anachoka pa ndandanda wa zogula, koma m'malo mwake munalowa petulo wa jenereta ndi batire latsopano miyezi ingapo iliyonse. Eni maboti ambiri amati mabatire a masiku ano ndi achinyengo. Ena ndi achinyengo ndithu, koma ochuluka amafera m'manja mwa wotchaja.

Kumene mawaya a ESCOM anafika, nkhani imapepukako, ngakhale kuti sitinaiwale zimene zinachitika namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 megawati kwa nthawi yoposa chaka. Kumagombe akutali, ndi kwa asodzi osamukasamuka potsata nsomba, jenereta ndiye ESCOM wawo. Funso ndi lakuti kodi petulo amene akuthira m'thankimo akufika m'batire, kapena akungosanduka phokoso ndi utsi.

Tiyambire pa kabowo kamene kamanyenga anthu ambiri. Majenereta ang'onoang'ono ambiri, kuyambira aja otchipa a two-stroke olembedwa 950 m'mbali mpaka a Honda odula, ali ndi malo awiri otulukira magetsi. Ena ndi a 230V, ofanana ndi soketi ya m'nyumba. Enawo ndi kabowo kolembedwa DC 12V, ndipo m'bokosi mumabwera kawaya kofiira ndi kakuda kokhala ndi zopanira. Munthu akaona zimenezi amati basi, jenereta yanga ili ndi tchaja yakeyake. Akawerenga bwino pambali pa kabowoko apeza palembedwa 8A kapena 8.3A. Amenewo ndiwo malire ake. Ma amp 8 pa mavolti 14 ndi mawati 110 okha, kuchokera ku makina otha kupereka mawati 650, ena 1,600 kapena 1,800. Injini ikuzungulira, petulo akupita, koma mphamvu imene ikugwiritsidwa ntchito ndi kachigawo kochepa kwambiri.

Tiwerengetse. Batire la 100Ah, lija ambiri amalitchula kuti N100, latsika kufika theka. Likufuna ma Ah 50 kuti libwerere, kuwonjezerapo ena amene amatayika ngati kutentha ndi mpweya, tinene onse pamodzi 55 kapena 60. Pa ma amp 8, amenewo ndi maola 7, ndipo nthawi zambiri amapitirira chifukwa batire likamadzaza ma amp amatsika. Tiyerekeze kuti jeneretayo imamwa theka la lita pa ola. Malita atatu ndi theka apita pa batire limodzi. Kuti timve kukula kwa kutayako, tigwiritse ntchito muyeso umene aliyense wogula magetsi amaudziwa, wa mayunitsi. Lita imodzi ya petulo imakhala ndi mphamvu yokwana pafupifupi mayunitsi 9. Theka la batire la N100 ndi 0.6 ya yunitsi imodzi. Ndiye kuti munthu wawotcha mayunitsi oposa 30 kuti asunge osakwana imodzi. Jenereta yaing'ono ngakhale itasenza katundu woyenera simafika patali, imatembenuza mwina gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a mphamvu ya petulo kukhala magetsi. Koma apa tikukamba za magawo awiri pa 100.

Vuto lachiwiri la kabowo ka 12V ndi lakuti pa majenereta ambiri kalibe chowongolera. Sikadziwa kuti batire ladzaza. Mukaiwala kuchotsa, mavolti amakwerabe, madzi a m'batire amabwata n'kuphwa, mapuleti n'kukhala pamtunda. Kabowoko anakapangira munthu amene galimoto yake yakana kulira kutchire ndipo akufuna kamphamvu kongodzutsira injini. Sanakapangire ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Njira yabwino ndi kudzera ku soketi ya 230V, n'kulumikizapo tchaja yeniyeni ya batire. Jenereta yomwe ija, petulo yemwe uja, koma tsopano tchaja ya ma amp 20 ikubweza ma Ah 30 mu ola limodzi ndi theka. Mawati amene ikukoka ndi pafupifupi 340, ndiye jenereta yasenzako katundu womveka. Kukula kwa tchaja kumatsata kukula kwa batire. Pa mabatire a mtovu ndi asidi, aja otsegula pamwamba n'kuthira madzi, opanga ambiri amalangiza ma amp okwana 10 mpaka 20 pa ma Ah 100 alionse. N100 ikufuna tchaja ya ma amp 10 mpaka 20, N200 ya 20 mpaka 40. Kupitirira apo batire limatentha, ndipo zokutira mapuleti zimayoyokera pansi. Kucheperapo kwambiri ndiye mwabwerera ku nkhani ya kabowo kaja.

Matchaja nawo ali mitundu. Pali aja olemera, a thiransifoma yaikulu m'kati, amene mumawapeza m'magalaja ambiri. Ndi olimba, amapirira fumbi ndi magetsi osakhazikika, koma ambiri sadziwa kusiya okha, ndipo amakoka mphamvu ku jenereta mopitirira zimene masamu a mawati akusonyeza. Mungaone jenereta ikubuula pamene pa pepala zikuoneka ngati malo alipo. Pali ena opepuka amakono, amene amatchaja m'magawo atatu ndi kudziwongolera okha. Amenewa ndiwo abwino pa batire, koma sakondwa ndi jenereta imene liwiro lake likukwera ndi kutsika. Pa mtundu ulionse, siyani mpata: musasenzetse jenereta kupitirira magawo atatu mwa anayi a mawati amene imapereka mosalekeza. Ndipo nambala yaikulu yolembedwa m'mbali si imeneyo ayi. Ya 950 ija nthawi zambiri mawati ake enieni amakhala cha m'ma 650.

Tsopano pamene pagona nkhani. Batire la mtovu silidzaza pa liwiro limodzi. Aliyense amene anathirapo chimanga m'thumba akudziwa: poyamba mumakhuthula ndowa yathunthu, koma likamafika kukamwa mumayenera kugwedeza, kutsendera, kuwonjezera ndi manja. Batire likakhala lotsika limalandira ma amp onse amene tchaja ingapereke, mavolti n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka cha pa 14.4. Likafika pamenepo limakhala lili pafupifupi pa 80 peresenti. Tchaja yabwino imaimika mavolti pomwepo, ndipo ma amp amayamba kutsika okha: 20, 15, 10, 6, 4. Gawo lotsalali, la 20 peresenti yokha, limatenga maola atatu, anayi, nthawi zina kupitirira, ndipo palibe jenereta yaikulu kapena tchaja yamphamvu imene ingalifulumizitse. Asidi amafuna nthawi kuti alowerere m'kati mwa mapuleti. Mukakakamiza ndi mavolti ambiri mungobwatitsa madzi.

Choncho ola loyamba ndi lachiwiri la jenereta ndi lopindulitsa, lachinayi ndi lachisanu ndi lotaya. Mu ola lachisanu injini ikumwabe petulo wambiri, koma m'batire mukulowa ma amp atatu, mawati 40, mphamvu ya mababu anayi. Oyenda pa maboti a matanga m'nyanja zamchere, amene amakhala miyezi osaona soketi, anazindikira zimenezi kalekale, ndipo ambiri amayendetsa mabatire awo pakati pa 50 ndi 80 kapena 85 peresenti akamadalira injini. Jenereta igwire gawo lothamanga. Ma amp akatsika kufika theka la pamene anayambira, izimitsidwe.

Koma wongomva zimenezi n'kuthamanga nazo apha batire lake m'miyezi itatu. Batire likamatsika, pa mapuleti pamamera mchere woyera wa mtovu ndi asidi. Likatchajidwa mpaka kudzaza, mcherewo umasungunuka n'kubwerera m'madzi. Likamangosiyidwa pa 80 tsiku ndi tsiku, wotsalawo umauma, umalimba, ndipo sudzasungunukanso. N100 imasanduka N80, kenako N60, mpaka tsiku lina mababu ayamba kufiira 2 koloko ya usiku usipa utangoyamba kusonkhana. Ndiye pamene mumamva anthu akuti batire silikusunga moto. Chodabwitsa n'chakuti batire lotere limaoneka ngati likudzaza msanga, wotchaja n'kumasangalala, pamene chifukwa chake n'chakuti malo osungira achepa.

Ndiye gawo lomalizalo alimalize ndani ngati jenereta yazima? Kunyanja yankho lili kumwamba. Usodzi wa kauni uli ndi mwayi umene ntchito zina zilibe: batire limagwira ntchito usiku, masana onse limakhala pagombe lopanda chochita, nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo. Sola ya mawati 100 imapereka ma amp 5 kapena 6 dzuwa likakhala paliwombo, ndipo pa tsiku lowala bwino imatha kubweza ma Ah 25 mpaka 30. Amenewo ndi ma amp ochepa, operekedwa kwa maola ambiri, zimene gawo lomaliza limafuna. Kachitidwe kake nkosavuta: boti likangokocheza, batire lipite pa jenereta ndi tchaja kwa ola limodzi kapena awiri m'mawa kukali kozizira. Cha m'ma 9 koloko lisamukire pa sola, likhale pamenepo mpaka nthawi yonyamuka. Kuchita mosemphanitsa, sola m'mawa jenereta madzulo, ndi kupatsa jenereta gawo lomwe lija lotayitsa petulo. Pakati pa sola ndi batire pakhale kontirola, osati kungolumikiza mawaya. Ndipo boti limene mababu ake ndi ochepa, tinene anayi a mawati 10 oyaka maola 8, limadya ma Ah 27 okha pa usiku. Limenelo sola yokha ingalikwanitse masiku ambiri, jenereta n'kumangodikira masiku a mitambo ya dzinja.

Kalendala ya asodzi imathandizanso. Mwezi ukakhwima n'kumawala usiku wonse, usipa sulabadira mababu ndipo maboti ambiri a kauni amapuma. Mwera ukalusa m'miyezi ya June ndi July, amapumanso mokakamizidwa. Masiku amenewa makoka amasokedwa, maboti amamatidwa, koma batire kawirikawiri limangoponyedwa pakona monga linabwerera kunyanja, lotsika. Palibe chimene chimaliwononga msanga kuposa chimenecho. Masiku opumawa ndiwo oyenera kulidzazitsa mpaka pakamwa, pa ESCOM ngati ilipo pafupi kapena pa sola masiku awiri otsatizana. Pa mabatire othira madzi, ino ndiyonso nthawi yowakwezera mavolti kufika cha pa 15.5 kwa maola awiri kapena atatu, zotsekera zili zomasula, kuti asidi amene anadikha pansi asakanikirane ndiponso maselo onse asanu ndi limodzi afanane. Zimenezi sizichitika pa mabatire omata, a gel kapena AGM. Amenewo akataya madzi ataya basi.

Zonsezi n'zosatheka popanda choyezera. Njira yakale yogundanitsa waya pa mitu iwiri ya batire kuti muone kukula kwa moto siuza munthu kanthu, ndipo yaphulitsira anthu asidi kumaso. Multimeter yotchipa, ya mtengo wosafika wa malita ochepa a petulo, ikukwanira. Batire likapuma maola angapo osatchajidwa komanso osayatsa kanthu, 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ladzaza, 12.4 latsala magawo atatu mwa anayi, 12.2 lili pa theka, ndipo 12.0 latsika mopitirira muyeso. Kusiyana kwa batire lodzaza ndi lotheratu sikufika ngakhale volti imodzi. Amene amayeza atangochotsa tchaja amaona 13 n'kumati zatheka, koma nambala imeneyo ndi yapamwamba chabe, imatsika pakapita ola. Umboni weniweni wakuti ladzaza umaoneka likadali pa tchaja: mavolti ali pa 14.4 ndipo ma amp atsika kufika 1 kapena 2 pa ma Ah 100 alionse.

Pali njira inanso yopulumutsira petulo imene sifuna kugula chilichonse chachilendo, kungogwirizana. Jenereta ya mawati 2,000 ikamatchaja mabatire anayi simamwa petulo wochuluka kanayi kuposa pamene ikutchaja limodzi. Maboti atatu kapena anayi a pagombe limodzi akasonkha petulo n'kuyatsa jenereta imodzi nthawi imodzi, aliyense ndi tchaja yake, mtengo wa batire lililonse umagwa kwambiri. Chimene sindingalimbikitse ndi chizolowezi chomanga mabatire asanu pa tchaja imodzi ndi mawaya odumphadumpha, lakale ndi latsopano, lalikulu ndi laling'ono. Ma amp 20 ogawana asanu ndi ma amp 4 lililonse, ndipo sagawana mofanana. Pakakhala limodzi la selo yakufa, limameza gawo la anzake, limatentha, ndipo tchaja ikazima limayamba kuyamwa amene adzaza. Mwini batire labwino amapita kunyanja ndi theka la mphamvu osadziwa kuti walipirira matenda a mnzake.

Mawaya ndi malo ena obisika otayira. Pa 230V waya woonda amapirira, koma pa 12V ayi. Ma amp 20 odutsa mu waya wa wailesi wautali mamita asanu amataya mavolti panjira, tchaja n'kumaona 14.4 pamene ku batire kukufika 13.6. Imayamba kuchepetsa ma amp nthawi isanakwane. Waya wa pakati pa tchaja ndi batire akhale wonenepa ndi wamfupi, ndipo ngati jenereta ili patali, talikitsani mbali ya 230V. Gwirani waya ndi zopanira pakatha mphindi khumi: pamene pakutentha ndi pamene petulo wanu akuthawira. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pa mitu ya batire umachoka ndi madzi ofunda osungunuliramo soda.

Kutentha kwa kunyanja nako ndi mdani. Mabatire amayezedwa pa madigiri 25, ndipo madigiri 8 mpaka 10 alionse owonjezera amadula moyo wake pakati. Mchenga wa ku Mangochi kapena Salima mu October umawotcha mapazi. Sola ikhale padzuwa, batire likhale pamthunzi, pa thabwa. Likatentha mpaka dzanja kulephera kukhalapo, tchaja izime. Madzi owonjezera akhale a batire ogula, osati a m'nyanja kapena a pamjigo, ndipo osathiramo asidi wina. Chimene chimaphwa ndi madzi, asidi amatsalira momwemo.

Mabatire ambiri a m'maboti athu ndi a galimoto, ogulidwa chifukwa ndiwo amapezeka m'sitolo iliyonse ya zida za galimoto. Anapangidwa ndi mapuleti oonda ambiri kuti apereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizira injini. Kuwatsitsa mpaka theka usiku ulionse si ntchito yake. A deep cycle, amene ena amawatchula a sola, ali ndi mapuleti onenepa opirira kutsika ndi kukwera. Pa maboti onyamula anthu ndi alendo, amene injini yake imalira ndi kiyi, batire lolizira injini likhale lakelake, losiyana ndi la magetsi ndi mafoni. Kuthimitsa batire ndi nyimbo pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma si nkhani yoseketsa.

Jenereta nayo ili ndi zofuna zake. Iyambe kulira yopanda katundu, itenthe mphindi ziwiri, kenako tchaja ilumikizidwe, ndipo pozimitsa tchaja ichoke kaye. Kuisiya kuti izime yokha petulo atatha n'kumene kumaotcha matchaja, chifukwa ikamatsamwa mavolti amadumphadumpha. Ya two-stroke imafuna oyilo wake wosakaniza, kawirikawiri mamililita 20 pa lita, osati oyilo wakuda wotsala ku galaja. Kumbukiraninso kuti petulo wa ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zimene zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo kugombe chinyezi sichisowa. Jenereta ikati ikhale milungu osalira, chotsani tchaja, tsekani kampopi ka petulo n'kuisiya imalize wa mu kabureta, apo ayi mudzaikoka chingwe mpaka phewa kuwawa.

Za ngozi ndinena mosazungulira. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo, ndipo umapha anthu ali mtulo. Isalire m'nyumba, m'chisakasa chogonamo alovi, kapena pansi pa lona m'boti, ngakhale kugwe mvula. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene ukakwana magawo 4 pa 100 m'mpweya wa m'chipinda umaphulika ndi kamoto ka ndudu. Panirani mawaya ku batire musanayatse tchaja, zimitsani musanachotse. Ndipo 230V ya kajenereta imapha mofanana ndi ya ESCOM, makamaka munthu wa mapazi onyowa pa mchenga wonyowa.

Mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 ayamba kuoneka m'masitolo a sola ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo pa nkhani ya jenereta amasintha masamu onse. Amalandira ma amp ambiri mpaka pafupifupi kudzaza, choncho gawo lochedwa lija limakhala lalifupi kwambiri, ndipo sawonongeka chifukwa chosadzazidwa. La 100Ah limalemera makilogalamu 12 kapena 13 pamene la mtovu limaposa 25, zimene mnyamata wonyamula angayamikire. Mtengo wake ndi umene umabweza anthu, komanso amafuna tchaja yogwirizana nawo, ndipo pamsika pali ambiri olembedwa manambala amene m'kati mulibe. Kwa mwini boti wa ndalama zapakatikati, ine ndingayambe ndi tchaja yabwino, sola imodzi ndi multimeter ndisanaganize za lithium.

Patsala amene alibe jenereta yawo, amene amatumiza batire kwa wotchajitsa pa mtengo wa batire limodzi. Kalipiridwe kameneka kali ndi msampha wake. Wotchajitsa amapindula batire likachoka msanga kuti lina lilowe, ndipo petulo wa gawo lomaliza ndi iye amene amamumva kuwawa. Sikuti ndi wakuba, masamu ake ndi omwe tawerenga aja. Mwini batire akamalilandira masana, aliike pamthunzi maola awiri, aliyeze asanalikweze m'bwato. Likamasonyeza 12.4 tsiku ndi tsiku, akambirane ndi wotchajitsayo za tsiku limodzi pa mlungu loti lizikhala pa tchaja mpaka ma amp atatsika, ngakhale zitatanthauza kulipira kawiri tsiku limenelo.